Masamba pa Lole ya a Meya

A Gerishon Malizani sankatha kuchidutsa chithaphwi. Kaya ali pa ulendo wa ku ukwati, kaya avala suti ya Lamulungu, akangoona madzi ataima pamsewu ankaimitsa lole, kutsika, kusolola khasu limene linkagona kuseri kwa mpando wa dalaivala, n'kuyamba kutema kangalande koti madziwo atsikire kutchire. Okwera kumbuyo ankadandaula kuti dzuwa likupita, manachesi akafika ku Blantyre msika utatha. Iwo akamaliza ankapukuta khasulo ndi udzu, kulibwezera pamalo pake, kenaka n'kuwauza anthuwo kuti msewu wa ku Neno suonongeka ndi matayala ayi, umaonongeka ndi madzi ogona. Kuwawa kwa khalidweli ankakudziwa ndi mkazi wawo, Stelia, chifukwa mathalauza onse obwerako ndi dothi lofiira m'miyendo ankachapa ndi iye.

Pa Neno panalibe meya. Panali mzere umodzi wa masitolo, kapolisi, kachipatala ka zipinda zowerengeka ndi msika wa pansi pa mitengo. Koma a Gerishon atasankhidwa kukhala wapampando wa komiti yoyang'anira msika ndi malo a malonda, mphunzitsi wina amene anaonako meya wa ku Blantyre atavala unyolo wake m'khosi anayamba kuwatcha a Meya, ndipo dzinalo linakanirira. Ana a sukulu ankadziwa a Meya asanamve n'komwe dzina lawo la ubatizo.

Anayamba ndi makina osokera amene anabwera nawo kuchokera ku Halale ali mnyamata. Makinawo anabala sitolo, sitolo inabala chigayo, chigayo chinabala lole yobiriwira imene inkatsitsa tirigu ndi mbatata ya kachewere kuchokera kumapiri, n'kubwerako ndi mchere, palafini ndi malata. Shedi ya pamsika anafoletsa ndi iwo. Mabulugama a m'mbali mwa njira ya kuchipatala, amene alipo mpaka lero, anadzalitsa ndi iwo, n'kumathamangitsa okha mbuzi za anthu ndi ndodo. Chitando chogonamo amayi oyembekezera, matabwa a pa mlatho wa kumunsi, zimbudzi za pamsika, zonsezi zinatuluka m'misonkhano imene a Gerishon ankalankhula okha mpaka anthu kuvomera chifukwa cha kutopa. Sanali munthu wofewa. Loweruka m'mawa ankagogoda pa sitolo iliyonse kufuna munthu wa khasu, ndipo mwini sitolo wozemba ankamva dzina lake likutchulidwa pamsika. Shuga ankamuyeza osapitirira ndi kambewu komwe. Khitchini ya Stelia inadontha zaka ndi zaka malata ali mbwee m'sitolo, chifukwa nthawi zonse pankapezeka denga lina lofunika kuposa lake.

Koma chimene anthu ankawatchulira kwambiri ndi chitsulo. Pa mtengo wa mbawa umene unali pakhomo pa sitolo anapachikapo chitsulo cha gudumu la lole yakale. Aliyense wokhala ndi wodwala amene kachipatala ka pa Boma kamulephera, kapena maliro ofunika kupita kwawo, ankangofika n'kumenya chitsulocho ndi mwala. Chikalira, katundu ankatsitsidwa m'lole, ngakhale akhale matumba a tirigu omanga kale, ulendo n'kuyambika. Womenya chitsulo sankafunsidwa mpingo wake, mudzi wake, kapena ngati m'thumba muli kanthu. Lamuloli linali la a Gerishon, koma wolisunga anali Stelia. Ndi iye amene ankakhala pakhomo, ndi iyenso amene ankayala mphasa ndi mabulangete m'lolemo.

Zaka zimenezo zinali za makhadi. Wopanda khadi la chipani sankalowa mumsika, sankakwera basi, mwina ngakhale pachitsime ankabwezedwa. Anyamata a malaya ofiira, amene anthu ankawatcha ayufi, ndiwo ankaima pazipata. A Gerishon sankalimbana nazo. Baji ankavala, amayi ovina ankawanyamula pa lole kupita nawo kumisonkhano, ndipo makhadi ankagula ambirimbiri n'kumawapatsa okalamba pansi pa kauntala kuti akathe kugulitsa nthochi zawo. Ankati iwo akufuna msewu, za ndale azilimbana nazo ena.

Tcheyamani wa chipani m'deralo anali Lameki, msuweni wa Stelia, mwana wa amalume ake. Kuyambira ali ana awiriwa ankanyozana mwachisuweni ndipo sanasiye. Lameki akalowa m'sitolo ankafunsa kuti mkazi wake amene a Meya anamubera ali kuti, Stelia n'kumuyankha kuti akayambe wamera ndevu. Sanali woipa mtima. Ankangoopa a pamwamba pake monga wina aliyense, ndipo ankakonda kuti anthu azimuona ngati munthu wodziwa mwambo.

Kenaka chinafika chaka chimene zinthu zinawaipira a Mboni, anthu a mpingo wokana makhadi. Nyumba zawo zinatenthedwa ku Ligowe ndi ku Midzemba, ambiri anathawira kuseri kwa mapiri, kutsidya kwa malire. Pa mphambano yotulukira pa Boma ayufi anaimika migolo n'kupingasapo mtengo. Galimoto iliyonse inkaima, aliyense ankatsika ndi khadi m'manja, ndipo wa Mboni akapezeka ulendo wake unkathera pomwepo.

M'mawa wina mkati mwa dzinja, mvula itangokata, chitsulo chinalira. Sichinalire monga masiku onse. Chinalira kamodzi, mwamantha, ngati wochimenyayo akupepesa. Stelia anatuluka manja ali ndi ufa wa masikono, n'kupeza Christobel, namwino wa ku Rumphi amene boma linamutumiza pa Neno, ataima pansi pa mbawa nsapato zili m'manja.

Christobel analankhula motsitsa mawu. Ku chitando kunali mayi amene achibale anabwera naye pa machira kuchokera ku Ligowe, kudzera m'minda. Mwana anali atapingasa m'mimba. Iye anali atayesa zonse zimene ankadziwa, ndipo chotsala chinali opaleshoni ku chipatala chachikulu ku Blantyre. Kupanda kutero, dzuwa likamalowa padzakhala maliro a anthu awiri. Mayiyo anali Jessie, mkazi wa Ezekiele kalipentala, yemwe anakhoma mabenchi a pamsika. Onse awiri anali a Mboni. Ezekiele anathawa, koma Jessie sakanatha kukwera mapiri ndi mimba, choncho anabisala kwa azakhali ake.

A Gerishon anamva zonsezi ali pakhomo pa sitolo, ndipo kwa iwo nkhaniyo inaoneka yosavuta. Anatsegula dirowa, kutulutsa khadi latsopano, kulembapo dzina la Jessie n'kumupatsa Stelia kuti apite nalo, popeza mwamuna salowa kumene mayi akuchira. Iwo anayamba kutsitsa matumba m'lole.

Stelia anamupeza Jessie atagona pa mphasa, thukuta lili kamukamu, milomo itauma. Anagwada n'kumuonetsa khadilo.

“Sindikuti ugule, agula kale a Meya. Iwe ungoligwira m'manja mpaka tidutse pa migolo. Tikadutsa ulitaye m'madzi ngati ukufuna.”

“Mayi, ndikaligwira ndiye kuti ndavomera.”

“Ndiye ufe ndi mwana yemwe chifukwa cha kapepala?”

Jessie anatembenukira kukhoma n'kuluma nsalu. Stelia anamunyengerera, anamukalipira, anamukumbutsa kuti mwana wa m'mimbayo sanalowe mpingo uliwonse. Sizinathandize. Anatuluka akulakalaka atamumenya mbama munthu wodwala.

Panja, mphepo ya usiku inali itathyola nthambi za bulugama n'kuzigwetsera pakati pa njira. Stelia ataima akupuma, anaona bambo wina akubwera pa njinga. Bamboyo atafika pa nthambizo anatsika msangamsanga, kuvula chipewa, n'kuyamba kukankha njinga yake mwakachetechete, akuyang'ana uku ndi uku kuti aone nyumba ya maliro. Sanafunse munthu. Masamba akakhala pamsewu munthu amatsika pa njinga, ndipo galimoto ikamangidwa masamba kutsogolo ndi kumbuyo aliyense amaipatsa njira. Palibe amene amaiimitsa kuti aone zimene yanyamula. Stelia anamuyang'ana bamboyo mpaka anakhota, kenaka anawerama n'kuyamba kutola nthambizo.

Anatuma uthenga kwa amayi a Mvano ochepa amene ankawadziwa kuti pakamwa pawo n'polimba, kuti avale zoyera abwere msanga. A Gerishon pobwera ndi lole ku chitando anapeza mkazi wawo atanyamula mtolo wa masamba ndi luzi. Asanatsike n'komwe, iye anali atayamba kale kumanga kutsogolo.

“ANangozo, wamwalira ndani?”

“Sanamwalire. Koma mukapitiriza kufunsa amwalira.”

A Gerishon atamvetsa anatsika nkhope itada. Anati zimenezo ndi malodza, kumangira munthu wamoyo masamba ndi kumuitanira imfa, ndipo iwo ndi mkulu wa mpingo, sanganyamule bodza pa lole yawo dzuwa likuswa mtengo. Anati apita okha akalankhule ndi Lameki, ndi mlamu wawo, amvana. Stelia anawafunsa ngati Lameki amakhala yekha pa migolo paja, ndiponso ngati anyamata ake aja amamvera iye kapena amamuzonda. Imfa, anatero, inali itaitanidwa kale, inali itakhala pakhomo pa chitando kudikira kuti akuluakulu amalize kukambirana.

“Bambo a Constance, madzi akaima pamsewu mumatsika ndi suti kukawatsegulira njira. Lero waima ndi munthu.”

A Gerishon anayang'ana masambawo. Kenaka anaitana Laimoni, dalaivala wawo, n'kumuuza kuti apite kuchigayo akathandize kumeneko ndipo asachokeko mpaka madzulo. Anavula chipewa, kuchiika pansi pa mpando, n'kukhala okha pa chiwongolero.

Jessie anagonekedwa pakati pa lole, atafunditsidwa bulangete mpaka kumutu. Christobel anavula yunifolomu n'kuvala chitenje ndi mpango ngati wina aliyense. Amayi aja anakhala mozungulira, tenti inatsitsidwa mbali zonse, ndipo Stelia anakhala kumapeto kwenikweni, pamene munthu woima pansi akanatha kumuona nkhope. Lole itayamba kuyenda iye anayambitsa nyimbo ya maliro. Pamsika anthu anaimirira. Azibambo anavula zipewa, amayi anatula madengu pansi.

Pa mphambano panali vuto limene palibe analiganizira. Ayufi poimika migolo yawo anatseka kukamwa kwa ngalande imene a Gerishon anakumba chaka chapitacho, ndipo madzi a usiku wonse anali ataima pomwepo. Lole inalowa m'matopemo, matayala a kumbuyo anazungulira pachabe, n'kutitimira. Inaima pafupi ndi mtengo wopingasa uja, anyamata a malaya ofiira ali mbali zonse.

Lameki analipo tsiku limenelo. Ataona masamba anavula chipewa chake n'kukalipira anyamatawo kuti avule zawo. Anayenda pang'onopang'ono mpaka kumbuyo kwa lole, manja atagwira kumbuyo, n'kuyang'ana msuweni wake.

“Pepani, mayi. Watisiya ndani?”

“Asuweni, mwayamba kufunsa maliro pamsewu ngati mtengo wa mbuzi? Mudzamva kunyumba.”

Lameki anachita manyazi n'kubwerera m'mbuyo. Nthawi yomweyo Stelia anamva mwendo wa Jessie ukuuma pansi pa bulangete, ndipo anadziwa kuti ululu ukubweranso. Anakweza nyimbo, amayi aja anamutsatira, mmodzi wa iwo anayamba kulira mokuwa akutchula amayi ake amene anamwalira kalekale. Kubuula kwa Jessie kunalowa pakati pa kulirako n'kusowa. Misozi imene inkatsika m'masaya mwa Stelia sinali yonamizira. Anali ndi mantha oti mwina a Gerishon ananena zoona, kuti mwina masamba aja agwiradi ntchito yake lole isanafike pa Shire.

A Gerishon anatsika ndi khasu lawo, osayang'ana munthu. Anakankha mgolo umodzi ndi phazi, kutema pakamwa pa ngalande, madzi n'kuyamba kutsika. Lameki anavula nsapato, kupinda thalauza, n'kulamula anyamata onse kuti agwire lole. Mmodzi wa iwo, wamtali, dzina lake Benedict, anafika kumbuyo n'kugwira nsonga ya tenti kuti asuzumire. Lameki anamumenya dzanja.

“Unaleredwa kuti iwe? Kankha uko.”

Anakankha onse, tcheyamani ali pakati, matope akuwathira kumaso ndi m'malaya ofiira aja. Lole inatuluka. Mtengo unachotsedwa, ndipo anyamatawo anaima mzere zipewa zili pachifuwa mpaka nyimbo inazimirira kumunsi kwa chitunda.

Anafika ku Blantyre dzuwa litapendeka. Jessie anachira, mwana wamkazi, wamoyo, wolira ngati wamva zonse zimene zinachitika. Mbale wake wina wa ku Ndirande analonjeza kuti akatuluka adzamutenga. Pobwerera Stelia anamasula masamba aja n'kuwaponya mu Shire. A Gerishon sanalankhule naye njira yonse, koma atafika pa chithaphwi china cha ku Lisungwi anaimitsa lole monga mwa masiku onse, ndipo Stelia anadziwa kuti mtima wawo wabwerera m'malo.

Chimene onse awiri anaiwala n'chakuti maliro sathera pamsewu. M'mawa mwake Lameki anafika pakhomo atavala jekete lakuda, nkhuku ili m'khwapa, mkazi wake ali pambuyo ndi ufa m'beseni. Anabwera kudzapepesa. Anafunsa kuti siwa ili kuti, kuti akagoneko ngakhale usiku umodzi, popeza dzulo ntchito inamulepheretsa kuperekeza. Stelia, amene dzulo lake pakamwa pankayenda ngati makina, anangoti kukamwa yasa. Anati malemuwo anali munthu wa ganyu wa ku Lirangwe. Lameki anafunsa kuti ankagwira kwa yani, chifukwa aganyu onse a pa Boma iye ankawadziwa, makhadi anawagulitsa yekha. Stelia anayamba kufunsa za chifuwa cha amalume.

Lameki anaisiya nkhukuyo n'kubwerera akuganiza. Sanafunikire kuganiza nthawi yaitali. Azakhali a Jessie atamva kuti mwana wabadwa analephera kudzigwira, anaimba nthungululu pakati pa mudzi ku Ligowe, ndipo pofika tsiku la msika nkhani inali ponseponse. Anthu anaseka mpaka kugwira nthiti. Lameki akamadutsa, amayi ogulitsa tomato ankafunda mipango n'kuyamba kung'ung'udza nyimbo ya maliro. Kumowa ankamufunsa ngati malemu aja ayamba kumera mano. Ayufi amene ankaopedwa ndi aliyense tsopano ankatchedwa okankha. Benedict sanazipirire. Anakwera basi kupita kukanena kwa akuluakulu a chipani, osadzera kwa tcheyamani wake.

Lameki anabweranso masana ena, wopanda nkhuku, wopanda nthabwala. Anapeza a Gerishon ndi Stelia m'chipinda chosungira tirigu kuseri kwa sitolo, n'kutseka chitseko yekha.

“Stelia, wandipha.”

Chibadwire anali asanamutchulepo dzina choncho. Stelia anafuna kumuyankha mwachisuweni, koma ataona maso ake anangomukokera thumba kuti akhalepo.

Lameki anati uthenga wabwera pa lamya ya kupolisi. Akuluakulu akufuna maina: mwini lole, amayi onse amene anaimba, ndi namwino amene anamubisa wa Mboni. Sabata ikubwerayi galimoto ya boma idzafika kudzatenga anthu. Iye mwini sankadziwa ngati adzatsala. Njira zinali ziwiri. A Meya atchule amayiwo ndi namwinoyo, anene kuti ananamizidwa ndi akazi, ndiye kuti mwina mpando wawo ndi katundu wawo zipulumuka. Apo ayi, adutse mapiri Lamulungu lisanafike, monga anachitira Ezekiele. Anati wanena izi ngati mlamu, osati ngati tcheyamani, ndipo akatuluka pakhomopo sadzavomera kuti anabwera.

Atafika pachitseko anatembenuka.

“Mwanayo ali bwanji?”

“Akuyamwa,” anatero Stelia.

Lameki anagwedeza mutu n'kutuluka.

Stelia sanadikire. Anakatenga chikwama chachikopa chimene a Gerishon anabwera nacho ku Halale n'kuyamba kuikamo za ulendo wa m'mapiri: nsapato zolimba, machesi, mpeni, mchere. Kutsidyako kunali abale a amayi ake, ndipo ngakhale kunkamveka mfuti za nkhondo ya Apwitikizi, munthu akanatha kubisala mpaka zinthu zitazizira. A Gerishon anamupeza akulongedza, anayang'ana m'chikwamamo, n'kutulutsamo mpeni ndi machesi.

Anati sathawa. Akathawa, galimoto ya boma idzabwerabe, ndipo posawapeza iwo idzayamba kutola amayi a Mvano mmodzimmodzi, kenaka Christobel, amene kwawo n'kutali ndipo alibe womulankhulira. Maina satchulanso. Chimene achite n'kupita okha ku Blantyre mawa m'mawa, kukaonekera ku ofesi asanatumidwe anthu, kuti akuluakuluwo akhale ndi munthu m'manja ndipo asaonenso chifukwa choonongera petulo pa msewu woipa wa ku Neno.

Stelia anati ngati nkhani ndi ya munthu m'manja, munthuyo ndi iye. Masamba anatola ndi iye, anamanga ndi iye, nyimbo anayambitsa ndi iye, iwo ankakana. Sangalole kuti mwamuna wa imvi akagone pa simenti chifukwa cha nzeru za mkazi wake. Apita iye, kapena apita onse awiri.

“Mukapita inu adzakufunsani kuti munaimba ndi yani,” anatero a Gerishon. “Mudzakana tsiku loyamba, mudzakana lachiwiri. Anthu aja amadziwa kufunsa, aNangozo. Ine ndinali kutsogolo, tenti inali yotsitsa. Kumbuyo sindinayang'aneko.”

“Mawu a mayi Loveness a Mvano aja simunawamve? Amamveka mpaka ku Ligowe.”

“Injini ya lole ija imasokosa. Ndakhala ndikumuuza Laimoni.”

Stelia anatsala pang'ono kuseka. Anawafunsa kuti nanga akadzalanda lole, chigayo, sitolo, monga anachitira kwa ena. A Gerishon anati mwina adzalandadi. Koma tsiku limene sanalande lole iziyenda, ndipo akadzalanda, ku Midzemba kuli anthu a ngolo amene iwo anawathandizapo, akauzidwa sadzakana. Chimene sangachilole n'chakuti munthu adzafike pansi pa mbawa ndi wodwala wake, amenye chitsulo, pakhomo pakhale zii chifukwa onse awiri ali m'ndende.

“Chikalira mawa, atuluke ndani?”

Stelia anakhala pa bedi manja ali pamiyendo, akuyang'ana chikwama chija. Ankadziwa anthu amene anapita ku maofesi amenewo n'kubwerako patatha miyezi, ena zaka, ena osabwerako. Ankadziwanso kuti mwamunayu akaika phazi pansi sasuntha, ndipo ulendo uno, zimene zinkamupweteka kwambiri, ankanena zoona.

Masana onsewo a Gerishon anayenda pa Boma ngati munthu amene alibe nkhani. Anatenga Laimoni n'kumuonetsa ngalande zofunika kutsegula mvula ikagwa, kuyambira pamsika mpaka pa mphambano, pamene ayufi anayang'ana kumbali iwo akudutsa. Anauza wachiwiri wawo mu komiti kuti matabwa a pa mlatho ayamba kufumbwa cha kumanzere. Analamula kuti lole ipakiridwe mbatata, chifukwa ngakhale ulendo ukhale wotani, lole yawo sinapiteko ku Blantyre yopanda kanthu. Stelia ali pawindo anaona anyamata a kuchigayo akutulutsa malata m'sitolo, ndipo mtima wake unadumpha, poganiza kuti patatha zaka zonsezi munthuyu wakumbukira khitchini. Malatawo anadutsa pakhomo, anadutsa mbawa, n'kulowera njira ya ku chitando, kumene mphepo ija inasasula ngodya imodzi.

Stelia anapukusa mutu n'kubwerera ku chikwama. Anakhuthula zonse za m'mapiri pa bedi. M'malo mwake anaikamo bulangete lokhuthala limene ankafunditsa odwala m'lole, sopo, mtedza wokazinga, juzi, ndi mankhwala a mutu amene Christobel anabweretsa atakulunga m'kapepala. Lamba ndi taye anazisiya, chifukwa anamva kuti kumeneko amalanda. Anasankha mathalauza awiri akale, aja amene dothi lofiira linakana kuchoka m'miyendo ngakhale anawachapa kangati. Zovala zake iye, zimene anali ataziika pambali kuti alongedze limodzi, anazipinda n'kuzibwezera m'sutikesi pansi pa bedi.

A Gerishon analowa dzuwa likulowa, akupukuta manja. Anaona chikwama, anachinyamula kuyesa kulemera kwake, n'kufunsa ngati khasu angatenge, popeza msewu wa ku Lisungwi unali ndi zithaphwi zambiri.

“Popita mugwiritse ntchito,” anatero Stelia. “Koma libwerere ndi Laimoni. Malo ake ndi kuseri kwa mpando.”

Anawalanda chikwamacho, kumanga malamba ake onse awiri, n'kuchiika pafupi ndi chitseko. Kenaka anatuluka kukatenga mphasa ndi mabulangete otsala, n'kuziunjika pakhonde, pamalo poti chitsulo chikalira asachite kufunafuna.